Mlandu wa majini a m'chimanga

Khalani pansi nonse. Iwe wa chipewa choyang'ana kumbuyo, zula tizingwe tako m'makutumo. Mafoni onse alowe m'lichero umu, chafufumimba, asamatiphethire maso tikamalankhula. Bwalo lakhala. Woweruza ndine, wodandaula ndine, mboni ndine ndemwe, ndipo apilo kulibe, pakuti agogo anu aamuna amene akadakumverani chisoni adatsogola kalekale. Wofuna kutsokomola atsokomoleretu.

Milandu ilipo itatu, koma yonse ndi ya mimba imodzi.

Woyamba ndi wanu, amuna anga a ku Joni. Dzulo ndidakuphikirani nyemba zothira phwetekere amene ndidagula pa Chimbiya, wonenepa ngati chibakera. Inu mudanyamula kakhungu kake ndi zala ziwiri ngati mwatola mbewa yowola, n'kulengeza pamaso pa alendo kuti nkhalambayi ikutidyetsa GMO, ndipo GMO imapha mphamvu za bambo m'nyumba. Ndidamva. Mphamvu mukuzilondera chonchozo sindinazionepo pa khasu, kaya mumazisungira kuti. Koma tandiyankhani, zaka zinayi zija ku Johannesburg munkadya chiyani? Si nsima ya ufa wa m'mapaketi, m'mawa ndi madzulo? Dziko la South Africa lidayamba kulima chimanga chachikasu cha GMO mu 1998, choyera chodya anthu mu 2001, ndipo lero ngala zoposa 8 pa 10 zilizonse kumeneko ndi za mtundu umenewo. Mudadya, mudakhuta, mudabwerako ndi masaya, n'kusiyako ana awiri amene tikumva kuti mphuno ndi yanu yomweyi. Mphamvuzo zidafa liti? Kumene kudali GMO yeniyeni munkanyambita zala, kuno kumene kulibe ndiye mwayamba kusala.

Wachiwiri ndi wako, mkazi mnzanga, iwe wa satifiketi ya Fomu 4. Udaima pakhomo la khitchini langa, n'kuloza ngala zanga zambewu zimene ndidapachika kudenga kuti utsi uzizifukiza, n'kunena kuti zimenezo ndi zachikale, zitayidwe, pakuti kukubwera GMO yothetsa njala, yosafuna kupalira, yosafuna mvula, mwinanso yodzikonola yokha. Mchimwene wako akuopa chinthu chimene sakuchidziwa, iwe ukupembedza chinthu chomwecho, nawenso osachidziwa.

Wachitatu sadalankhule kanthu, ndipo pa chimenecho chokha ndikumuyamikira. Iye adangokwera pa mtondo Loweruka, n'kutsitsa ngala zisanu ndi imodzi za mbewu yanga, n'kuzitongola, n'kukazinga, n'kukatafunira ku mpira wa pa kanema. Mbewu imene mayi anga adandipatsa m'kansalu tsiku lomwe ndidalowa m'nyumba yangayanga idathera pa timu yoti idagonjanso. Usaweramitse mutu. Tifika kwa iwe.

Tiyambe ndi zimene si GMO, chifukwa pakamwa panu chilichonse chachikulu chasanduka GMO: kabichi wa ku Bembeke, nkhuku yoyera, ngakhale mwana wa aneba wonenepa uja. Kanyani, Mkango ndi Njovu zimene mumagula m'sitolo ndi chimanga cha haibulidi. Amadzala mizere ya mitundu iwiri, n'kuthyola ngayaye za mtundu umodzi kuti ndevu zake zilandire mungu wa mtundu winawo, basi. Ndi ukwati wochita kukonza ankhoswe, koma onse awiri ndi chimanga. MH18 amene adatuluka ku Chitedze mu 1990, amene amayi tidamukonda chifukwa ankakonoleka ngati wamakolo, adapangidwa momwemo. Mbatata yofiira m'kati, Zondeni ndi Kadyaubwerere, ndi ya kusankha ndi kukwatitsa. Nkhuku yoyera yokula pa masabata asanu ndi limodzi ija adaisankhasankha kwa zaka zambiri, n'kuidyetsa usana ndi usiku. Kuti ilibe kukoma ndikuvomera, koma mlandu wake ndi wina. Phwetekere wa pa Chimbiya adanenepa ndi manyowa, madzi ndi msana wa mayi wina amene sagona masana ngati inu.

Ngakhale chamakolo chimene ndikuchilirachi si cha kuno. Chimanga chidachokera ku Mexico, kumene anthu adachiweta zaka pafupifupi 9,000 zapitazo kuchokera ku udzu wotchedwa teosinte, wa tinjere touma ngati miyala. Kuno ku Africa chidabwera pa zombo, chaka cha 1500 chitadutsa kale. Makolo enieni ankadya mapira ndi mawere. Chimanga ndi mlendo amene adakhalitsa mpaka tidamulonga ufumu. Kachewere amene mumanyadira kuti ndi wa ku Dedza kwawo ndi ku mapiri a Andes, ku South America. Anthu akhala akusintha mbewu chiyambire, ndipo mayi aliyense amene amasankha ngala yabwino n'kusiya yonyozeka ali pa ntchito yomweyo. Kusiyana kwa GMO kuli pa njira, ndipo njirayo ndi imene mukhalire pansi.

Tcherani khutu, mphunzitsi wopuma ntchito walowa m'kalasi. Chamoyo chilichonse, kaya ndiwe, kaya mbuzi, kaya bonongwe, chidamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. M'kati mwa selo muli kaulusi kopiringizika kotchedwa DNA, ndipo pa kaulusiko padalembedwa malangizo onse a kamangidwe ka chinthucho. Zilembo zake ndi zinayi zokha, A, T, G ndi C, zongosinthanasinthana malo. Chiganizo chimodzi cha malangizowo ndiye jini, zikachuluka ndi majini. Ndakuona wadzidzimuka, iwe wa kwaya. Si majini ogwetsa anthu pansi aja ayi. Awa ndi amene adakupatsa makutu a agogo ako aamuna, ndipo palibe pemphero limene lingawachotse. Munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000, pomwe chimanga chili nawo oposa 30,000. Choncho iwe wa chipewa, ukamadutsa m'munda uzivula.

Chodabwitsa n'chakuti zilembo zinayizo n'zimodzimodzi m'zamoyo zonse. Chiganizo cholembedwa m'kachilombo, chimanga chikhoza kuchiwerenga n'kuchimvera. Nkhani yonse ya GMO yagona pamenepo: kutenga chiganizo chimodzi kapena ziwiri m'buku la chamoyo china, n'kuchisokerera m'buku la mbewu ngati chigamba pa thalauza.

Ndikamanena za zolemba, maso anga akupita ku phiri ilo. Pa miyala ya Mphunzi Akafula adalembapo zofiira, makolo athu n'kulembapo zoyera, zina za chinamwali, zina za kudambwe zimene ine mkazi wa Mvano sindingazitchule. Mu 2006 bungwe la UNESCO lidaika malo 127 a Chongoni, kuphatikizapo athuwa, m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Alendo amawoloka nyanja kudzaona. Inu mudakwera ndi khala kukalembapo dzina la chibwenzi, choti chidakukananinso. Ndiye anthu olephera kuwerenga mwala wa kuseri kwa nyumba yawo ndi amene akundiwerengera DNA ya phwetekere pongoyang'ana khungu.

Chigamba chotchuka kwambiri chidachokera m'dothi. Mu 1901 ku Japan, mbozi zopanga ulusi wa silika zinkangofa, ndipo katswiri wina, Shigetane Ishiwata, adapeza kuti wozipha ndi kachilombo ka bakiteriya. Mu 1911 Ernst Berliner adakapezanso ku Thuringia m'dziko la Germany, ndipo dzina lake lakuti Bacillus thuringiensis lidachokera kumeneko. Dzinalo lingandigulule mano atatu otsalawa, n'chifukwa chake timangoti Bt. Kachilomboka kamapanga puloteni imene ikalowa m'mimba mwa mbozi imasungunuka, n'kukakamira pa khoma la matumbo, n'kuboola. Mbozi imasiya kudya, pakapita masiku ochepa yafa. M'mimba mwa munthu ndi mowawasa, ndiponso mulibe pokakamira pake, choncho puloteniyo imagayika ngati ndiwo zina zonse. Alimi a ku France adayamba kupopera Bt m'minda mu 1938, agogo anu ndisanabadwe. Kenako wina adaganiza: m'malo mosenza pampu kumsana, bwanji chiganizo chopangira puloteniyo tichilembe m'mbewu momwemo, kuti tsamba lizidziphikira lokha mankhwala ake?

Kuganiza n'kosavuta, ngakhale inu mumayesako nthawi zina. Ntchito idali kulowetsa chiganizocho m'selo. Apa ndi pamene nkhaniyi imandikoma.

Mudaonapo mtengo wa pichesi uli ndi chotupa pa tsinde, pafupi ndi nthaka, ngati chithokomiro? Chimabwera ndi kachilombo kena ka m'dothi, Agrobacterium. Kameneka n'katsizinamtole. Kamalowera pa bala la mtengo, n'kutumiza kachidutswa ka DNA yake m'kati mwa selo, kachidutswako n'kukadzisokerera m'buku la mtengowo. Malangizo ake ndi akuti: ndimangire nyumba, undiphikirenso. Mtengo, posadziwa kuti kalatayo ndi yabodza, umatupa n'kuyamba kudyetsa mlendo. Akatswiri a ku Ghent m'dziko la Belgium, Marc Van Montagu ndi Jeff Schell, ndi mayi wina wa ku America, Mary-Dell Chilton, ataona chinyengo chimenechi sadakwiye. Adati uyu ndiye wakabaza amene timamufuna. Adamutsitsira katundu wake woyambitsa chotupa uja, n'kumumangirira pa kaliyala katundu wawo. Mu 1983 zomera zoyamba zosinthidwa motere zidalengezedwa, ndipo pakati pake padali fodya. Inde, fodya. Ngakhale kumeneko adapezeka kutsogolo.

Katunduyo samangidwa chisawawa. Amayamba apeza jini imene akuifuna, n'kuidula ndi timankhwala togwira ntchito ngati lumo. Kutsogolo kwake amalumikizako kachidutswa kouza selo kuti yamba kuwerenga apa, kumapeto kena kakuti lekera apa. Amawonjezanso jini ya chizindikiro, yoti idzawathandize kudziwa selo limene lalandira katundu. Akatero amatenga tizidutswa ta tsamba, kapena kamtima ka njere yanthete, n'kutiviika m'madzi momwe muli akabaza aja miyandamiyanda.

Chimanga poyamba chinkakana kukwera kabaza. Ndiye anthu ena a ku yunivesite ya Cornell, motsogozedwa ndi John Sanford, m'zaka za m'ma 1980 adapanga mfuti. Musaseke, ndi mfuti ndithu, ngati gogodela wa agogo anu. Zipolopolo zake ndi fumbi la chitsulo, pambuyo pake la golide, lopakidwa DNA. Adayamba n'kuombera anyezi. Maselo ambiri amaphulika, ena fumbi limangowadutsa, koma limodzilimodzi limalandira chiganizo chija n'kukhala moyo.

Kaya ndi kabaza kaya ndi mfuti, maselo olandira amakhala ochepa kwambiri. Amawaika onse m'timbale tagalasi, pa chakudya chonga phala lozizira, chothira mankhwala opha selo lililonse lopanda chizindikiro chija. Ndi kupeta kumeneko, mankhusu apite, maso atsale. Otsalawo amachulukana n'kukhala kachibuluma kosaoneka mutu kapena mchira. Akakathira timadzi tina kamatulutsa nsonga, akathira tina kamatulutsa mizu. Kuchokera ku selo limodzi, mmera wathunthu. Mmerawo amaulera m'nyumba yagalasi, n'kuupima ngati chigamba chidagwera pamalo abwino, pakuti chimagwera paliponse ndipo china chimang'amba chiganizo chofunika. Mwa mazana amasankhapo umodzi. Umenewo amaukwatitsa ndi mbewu yozolowera nyengo ya dziko limene akufuna, ana ake n'kuwakwatitsanso komweko, kangapo konse, mpaka itsale mbewu yodziwika ija ndi chigamba chake chokha. Zonsezi, kuphatikizapo kuyesa ndi kupempha chilolezo, zimadya zaka khumi kapena kuposa. Nanga wogulitsa phwetekere pa Chimbiya adazichitira kuti, kuseri kwa benchi?

Masiku ano kwabweranso lumo lina lotchedwa CRISPR, lotha kukonza chilembo pamalo pomwe chili popanda kubweretsa chigamba chachilendo. Adalilengeza mu 2012 ndi amayi awiri, Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier, ndipo mu 2020 adalandira nalo mphoto ya Nobel. Amayi, mkazi mnzanga. Sadafike kumeneko poima pakhomo la khitchini n'kumaloza.

Tsopano gwirani mipando, amuna anga. Mu 2015 akatswiri a ku Ghent komweko, pamodzi ndi a bungwe lofufuza za mbatata la ku Lima m'dziko la Peru, adapima mitundu 291 ya mbatata yakholowa yolimidwa m'maiko osiyanasiyana. Mu yonse adapezamo DNA ya Agrobacterium. Wakabaza uja adatula katundu wake m'mbatata zaka zikwi zapitazo, popanda labotale, popanda chilolezo cha boma, ndipo makolo a anthu adaikonda mbatatayo n'kumaibzala. Futali amene mudapala mpaka pansi pa poto m'mawa uja, ndiye ameneyo. Ndikuona mwagwira pamimba. Mwachedwa ndi zaka makumi atatu.

Inu GMO mudaimvera pa foni. Ife tidaimvera pa mzere wa chakudya. Chaka cha 2002 ambiri a inu mudali musanabadwe, ndipo iwe wa ku Joni unkayenda ndi kamimba kotupa, tsitsi litafiira. Nkhokwe zidauma Khirisimasi isanafike. Anthu adadya gaga, adakumba zitsa za nthochi n'kusinja, ndipo wogwidwa ndi chimanga chachiwisi m'munda wa mwini ankamuchita zinthu zimene sindinganene ana ali pano. Mu February pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Thandizo lambiri lidachokera ku America, ndipo m'miyezi yotsatira zidamveka kuti chimanga chake n'chosakanikirana ndi cha GMO. Ku Zambia, pulezidenti Levy Mwanawasa adachikana kwamtuwagalu, mpaka kuchitcha poizoni. Kuno boma lidati tilandira, koma chiyambe chapita kuchigayo, kuti munthu asatenge njere n'kukabzala. Ine ndidaima pa mzere ndi thumba langa, ndidalandira, ndidaphika phala, ndidakumwetsa ndi chala changa ichi. Sindidafunse za majini. Koma mvetsetsani nkhawa ya boma pa nthawiyo: kugaya sikuchotsa jini m'ufa, kumangoletsa njere kumera. Funso lalikulu lidali la m'munda.

Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loyang'anira zinthu zoterezi, Biosafety Act. Kuyambira pamenepo mbewu ya GMO siingalowe m'munda popanda chilolezo. Ku Bunda adayamba kuyesa thonje la Bt mu 2013, m'munda wa mpanda, wa mlonda pachipata, wotalikirana ndi minda ina, ndipo zotsala zake ankaziwononga pomwepo. Pofika 2019 thonjelo lidaloledwa kwa alimi, ndipo anthu a kumunsi kotentha, ku Salima, ku Balaka, ku Chikwawa, adayamba kulima. Ku Bunda komweko adayesanso khobwe wosaboola mbozi, ku Bvumbwe nthochi zolimbana ndi chisaka, ndipo zaka zaposachedwazi chimanga chopirira ntchemberezandonda zachilendo zija zimene zidatigwera cha m'ma 2017, zolowa mu mtima mwa chimanga n'kusiya utuchi. Zonsezo ndi za m'mipanda ya kafukufuku. Imene idatuluka pachipata n'kufika kwa mlimi ndi thonje, ndipo kuno kumapiri, kozizira chonchi, thonje mudaliona liti? Ngati pali GMO pa khonde pano, mwina ndi malaya mwavalawo.

Mukufuna kudziwa maganizo a woweruza? Ine chinthuchi sindichiopa m'mbale. Jakisoni wa shuga amene amalume anu amadzibaya m'mawa uliwonse amapangidwa ndi tizilombo timene adatisokerera jini ya munthu, ndipo wakhala akupangidwa motero kuyambira 1982. Palibe wa inu adapitapo kukawalanda. Ndidamvanso kuti ku Uganda adayesa kachewere wotchedwa Victoria atamuikamo majini atatu ochokera ku abale ake akutchire, ndipo chiwawu sichidamukhudze ngakhale sadamupopere. Inu mukudziwa chimene chiwawu chimachita kuno kukagwa nkhungu ya masiku atatu: munda wobiriwira Lolemba, Lachisanu wakuda bii ngati wapsa ndi moto, n'kununkha. Mukudziwanso ndalama zimene bambo anu amathira m'pampu sabata ndi sabata, osavala chotchinga kumphuno. Kachewere ameneyo atafika pano mwalamulo, ndikhoza kumupatsa mizere iwiri kumapeto kwa dimba, ndimuone khalidwe lake, monga timachitira ndi mkamwini.

Koma iwe mkazi mnzanga usayambe kumwetulira, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo ndikuwerengera. Thonje la Bt limapha mbozi zoboola, koma nsabwe zoyamwa masamba siziliopa, pampu imafunikabe. Mbozi nazonso zimaphunzira. Ku South Africa komweko, pofika 2007, kapuchi adayamba kudya chimanga cha Bt n'kukhala moyo, chifukwa chakuti mbozi zochepa zopirira ndi zimene zinkatsala n'kuberekana. N'chifukwa chake amalangiza kubzala mizere ina ya mbewu wamba pambali, kuti mbozi zosapirira zisathe, zizikwatirana ndi zopirirazo. Ndani pa mudzi uno angasiye dala mizere yodyetsa mbozi pa kamunda ka theka la ekala? Ku Burkina Faso adalima thonje la Bt kuyambira 2008, mbozi zidachepa ndithu, koma ulusi wake udafupika, ogula adatsitsa mtengo, ndipo mu 2016 adalisiya. Chigamba chidali chabwino, thalauza lake ndi limene silidawakwane.

Palinso mtundu wina umene umausirira, wosafuna kupalira uja. Chimanga chake adachipatsa jini yopirira mankhwala opha udzu, kuti upopere munda wonse, udzu ufe, chimanga chitsale. Kwa mwini esiteti wa thalakitala ndi nkhani yabwino. Tsopano dzuka, suzumira m'munda mwangamo. Pakati pa chimanga pali nyemba, zimene Dedza amadziwika nazo. M'mphepete mwayanga maungu. Bonongwe, chisoso ndi luni zidamera zokha, ndipo ndi zimene zimatifikitsa ku masika mwezi wa February ukaluma. Mankhwalawo sadziwa kuti ichi ndi ndiwo. Kwa iwo chilichonse chopanda jini ija ndi udzu. Udzadya nsima ndi chiyani, satifiketi?

Nyerere yaikulu ndi iyi. Jini ili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ndi kampani ya kutali imene idalembetsa chigambacho m'dzina lake. Mbewuyo umagula chaka ndi chaka, pa mtengo umene suukambirana. Zakuti njere zake sizimera n'zabodza, zimamera, koma pokhala haibulidi ana ake amabwerera m'mbuyo, ndiponso pangano la ogulitsa silikulola kusunga. Kugula mbewu tidakuzolowera kale ndi haibulidi, sindikukana, ndipo chaka chabwino amabweza ndalama. Koma chaka chimene kwacha yagwa, fetereza wakwera, dzina lako silidatuluke pa mndandanda wa zipangizo zotsika mtengo, umalowera kuti? Ine ndimalowa m'khitchini n'kuyang'ana kudenga. Ngala zakuda ndi mwaye zija sizifunsa chiphaso. Njere zake n'zolimba, anankafumbwe amazilemekeza, ufa wake umatuluka wambiri pa mtondo. Zokolola zake n'zochepa, ndikudziwa, sindine wamisala, n'chifukwa chake theka la munda ndimabzala wogula. Ndiponso mungu wa chimanga umayenda ndi mphepo, sudziwa malire a munda. Tsiku limene cha GMO chidzaloledwe, mnansi akadzabzala, changa chidzalandira alendo osandipempha. Mafunso amenewa ndi amene ndimayembekeza kumva kwa anthu opita kusukulu: mwini mbewu ndani, mtengo auika ndani, nyemba zanga zitsala kodi, nanga mbozi zikazolowera tidzatani. M'malo mwake mukundibweretsera kanema wa munthu wovala jekete loyera, wosadziwika kwawo, akuloza nthochi ndi ndodo. Safunsa adadya phula, koma inu mudaposa, mumadya phula lotumiziridwa pa WhatsApp n'kutumiziranso anzanu makumi awiri.

Ndidaphunzitsa ana zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo zimene ndakuuzanizi sindidabadwe nazo. Ndidamukhazika pa mphasa iyi msuweni wanu amene adapita ku Bunda, mausiku atatu, n'kumufunsa mpaka adapempha madzi. Pamene sindidamve ndidati bwereza. Adandijambulira selo pa dothi ndi kamtengo, nkhuku n'kufufuta, iye n'kujambulanso. Inu mumagona naye nyumba imodzi pa holide, koma chimene mudamufunsapo ndi chingwe chotchajira foni.

Imirirani, chigamulo chafika.

Amuna anga a ku Joni, nyemba zadzulo zija ndidazisunga. Muzitenthetsa nokha, mudya zonse ndi phwetekere wake, pano pa khonde, alendo aja ndawaitananso. Mukatha mutenga khasu, mukaonetse mphamvu zija ku dimba, mizere khumi ya kachewere dzuwa lisanapendeke.

Mkazi mnzanga, iwe ulowa nane m'nkhokwe. Ndikuonetsa ngala ya mbewu: yodzaza mpaka kunsonga, ya mizere yowongoka, yovala makoko otseka bwino kuti madzi ndi anankafumbwe asalowe. Za kumutu ndi za kumchira timadya, zapakati ndiye timasunga. Ukadziwa zimenezo udzapite ku Bunda ukaphunzire za kabaza ndi mfuti, ndidzagulitsa mbuzi ziwiri, ndalumbira pamaso pa anthu awa. Ndikufuna m'chipinda chimene amagamula za mbewu za dziko lino mudzakhale munthu mmodzi wodziwa kuti luni ndi ndiwo.

Tsopano iwe wokazinga. Mng'ono wanga wa kutsidya kwa dambo ali nayo mbewu yomweyi, pakuti mayi adatigawira tonse awiri. Upita wapansi, njinga isiye. Unyamula tambala wako wofiira uja, inde yemweyo, ukagwada pakhomo, ukafotokoza wekha chimene udachita, ndi zigoli zake zomwe. Akakupatsa ngala zisanu ndi imodzi ubwere nazo zili ndi makoko, ndipo ndidzawerenga njere. Akakutukwana ulandire, amatukwana bwino kuposa ine.

Lichero ili ligona kuchipinda kwanga mpaka mawa madzulo. Ina ikunjenjemera m'menemo, ya ndani? Isiyeni, ikatopa igona. Wina andipatse ndodo yanga, ndipo iwe wa chipewa, kayang'ane mbuzi zija, ndikuzimva zili m'nyemba.